Ureniyamu akameza nyutroni

Ureniyamu wa ku Kayelekera, monga wa kwina kulikonse, pafupifupi yense ndi uranium-238. Akameza nyutroni mu riyakita amasanduka uranium-239, ndipo pakangotha mphindi 23 theka lake lakhala kale neptunium-239. Uyunso sachedwa: masiku awiri ndi maola 8, theka lasanduka plutonium-239, amene amatenga zaka 24,000 kuti achepe ndi theka.

Chimandisangalatsa ine n'chakuti kawerengedwe kake n'ka nkhokwe: pa mtundu uliwonse wa atomu, onjezerani zolowa, chotsani zotuluka. Harry Bateman anakonza masamuwa mu 1910, nyutroni isanadziwike n'komwe. Lero kompyuta imatsata mitundu mazanamazana nthawi imodzi, poti nyutroni zikachuluka, chiwerengero chonse chimasintha, ndipo woyendetsa riyakita ayenera kudziwiratu.