ANCHITO OSAONEKA PA MIZU YA NSHAWA

Mlimi akazula phata la nshawa, nyemba kapena soya, amapeza timibulu tating'ono pa mizu yace. Ena amayesa kuti ndi matenda, koma si matenda ai. Timibuluto ndi nyumba za tizirombo tosaoneka ndi maso tochedwa Rhizobium. M'caka ca 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anatsimikiza kuti mbeu zokhala ndi timibuluti zimatapa cakudya mumpweya. Cakudyaco ndi naitrojeni, yemweyo amene mlimi amagula m'thumba la feteleza. Pa magawo 100 a mpweya, 78 ndi naitrojeni, koma cimanga sicingathe kumtapa cokha.

Muzu ndiwo uyamba kuitana, poturutsa timadzi m'nthaka. Rhizobium akamva, amalowa. Pa nyemba ndi soya amalowera pa ubweya wa muzu, koma pa nshawa amalowera m'ting'alu ta pamene patulukira mizu yaing'ono. Pamenepo muzu umatupa, kambulu nkubadwa.

Komatu mutu umodzi susenza denga. M'nthaka muli tizirombo tina tothandiza, monga Bacillus, Pseudomonas ndi Azospirillum. Timeneti sitimanga timibulu, koma timakonza njira. Tina timacurukitsa mizu ndi ubweya wace, kotero kuti makomo olowera amacuruka. Tina timasungunula fosifeti womangika m'dothi, amene timibulu timamfuna kwambiri. Tinanso timalimbana ndi matenda oolesa mizu. Cifukwa cace alimi ambiri a ku Brazil amapaka Azospirillum pamodzi ndi Rhizobium pa mbeu ya soya asanabzale.

Anchito amenewa salandira malipiro, koma afuna cakudya. Amadya zoolerana za m'nthaka. Mlimi wotentha mapesi caka ndi caka awamana cakudya, pamene wokwirira mapesi ndi kuthira manyowa awadyetsa. Madzi odikha m'munda amawapha, ndipo feteleza wa naitrojeni akacuruka, timibulu timacepa.

Mbeu zikayamba maluwa, mlimi akumbe phata limodzi mosamala, natumbule kambulu ndi cikhadabo. M'kati mukafiira, nchito iri kuyenda bwino. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, kapena timibulu tikasowa, aonane ndi Mlangizi wa Zaulimi. Munda umene timibulu tinafiira ndiwo woyenera kulandira cimanga dzinja lotsatira.