Nzeru za ulimi zili pa Chitedze, nanga mwini wozifikitsa kumudzi ndani?

Aliyense woyenda pa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji amadutsa malo amene aunjikana nzeru za ulimi kuposa pena paliponse m'Malawi muno. Minibasi ikangotuluka mumzinda imasiya mphambano yolowera ku NRC, kumene amaphunzitsa alangizi. Pasanathe nthawi imafika pa Chitedze, malo a kafukufuku amene anatsegulidwa mu 1948, kenako Mpingu, Msundwe mpaka Namitete. Bunda, likulu la yunivesite ya LUANAR, ili m'boma lomweli, cha ku Mitundu. Munthu akanaganiza kuti ife alimi a kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe ndife odala, popeza tinamanga moyandikana ndi nkhokwe.

Ine ndimalima chimanga, mtedza ndi soya kufupi ndi Nsaru, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Zimene ndaona n'zakuti akatswiri alipo, ndipo ntchito amagwira. Chosowa ndi munthu mmodzi kapena ofesi imodzi imene tingailoze chala n'kunena kuti, "Inu ndiye muyankhe, bwanji zimene anapeza ofufuza sizinafike kwa mayi wa ku Kabudula?"

Tiyeni tiwerenge eni ake a ntchitoyi. Bunda inayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya Yunivesite ya Malawi. Lamulo la 2011 linaipatula, mu 2012 n'kuyamba kuyenda payokha monga LUANAR, ndipo pambuyo pake NRC inalowa m'khola lomwelo. Yunivesite ili ndi khonsolo yakeyake, ndipo nkhani zake zimadzera ku unduna woona za maphunziro. Chitedze ili pansi pa nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zamalimidwe. Alangizi ali ndi nthambi yawo ina mu unduna womwewo, koma kuchokera pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa mu 1998, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inapita ku makhonsolo, pansi pa bwanamkubwa. Mwini wachinayi salembedwa m'malamulo, koma ndiye amagwira chikwama: mabungwe akunja amene amalipira gawo lalikulu la kafukufuku kudzera m'mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu. Mbuzi ya eni ake anayi imagona panja, aliyense akuyesa kuti mnzake watseka khola.

Ndisanapitirire ndi madandaulo, ndinene zabwino, chifukwa zilipo ndipo tikudya. Mtedza wa CG7 umene unatulutsidwa mu 1990 unachokera ku ntchito ya ofufuza a boma ndi a ICRISAT, amene akhala pa Chitedze kuyambira 1982. Nsinjiro, wopirira ku matenda a khate, anachokera komweko. Pa Chitedze palinso nkhokwe yosungira mbewu zamakolo ndi ofesi yoyesa mbewu isanagulitsidwe.

Koma nkhani imene ndimaikonda ndi ya chimanga cha MH17 ndi MH18. Kwa zaka zambiri boma linkalimbikitsa chimanga cha haibulidi, alimi n'kumachilima chogulitsa ku ADMARC basi, chakudya n'kumadzala cha makolo. Mabwana ena ankati alimi ndi osamva, okakamira zakale. Chonsecho amayi anali ndi chifukwa chomveka. Haibulidi wa nthawi imeneyo anali wofewa: ukamukonola mumtondo ankanyenyeka, mphale yambiri n'kupita ku gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankamumaliza mvula isanagwe. Ofufuza a pa Chitedze atamvetsa zimenezi, mothandizana ndi a CIMMYT, anapanga haibulidi wolimba, wokonoleka ngati wa makolo, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18. Alimi sanafunike kuwanyengerera. Nzeru ya mtondo ndi munsi itafika kwa wofufuza, ntchito inayenda. Koma onani zaka zimene zinapita mawu a mayi wokonola asanayende mtunda umene pa njinga ndi wa theka la tsiku.

Masiku ano njira yoti luso latsopano lituluke ilipo, ndipo ndi yabwino. Kaya lachokera kwa mphunzitsi wa ku Bunda, kaya kwa wofufuza wa pa Chitedze, kaya ku kampani ya mbewu, liyenera kudutsa ku komiti ya unduna yotchedwa ATCC, imene imaona umboni isanalole kuti lifalitsidwe kwa alimi. Umo ndi mmene anavomerezera, mwachitsanzo, kadzalidwe kophatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi pofuna kubwezeretsa chonde. Komiti imeneyi imatiteteza kwa ogulitsa zinthu zachabe. Vuto limayamba tsiku lotsatira. Luso likavomerezedwa, wofufuza ntchito yake yatha, pulojekiti nthawi zambiri yatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo ndalama zoti alangizi onse aphunzitsidwe ndi kutsegula minda yachitsanzo zimayembekezera thumba lina.

Mphunzitsi wa pa yunivesite sindimuda. Amakwezedwa pa ntchito makamaka poona zimene walemba m'magazini a akatswiri, m'Chingerezi, zowerengedwa ndi anzake a ku Nairobi ndi ku London. Palibe amene amamuwerengera midzi ya kwa Kalolo kapena kwa Khongoni imene yasintha kalimidwe chifukwa cha iye. Munthu amathamangira kumene kuli mphotho, ndipo amene anakonza mphothoyo ndi oyendetsa zinthu.

Kwathu kuno tazolowera alendo a mafunso. Amabwera anyamata ndi atsikana aulemu, kale ndi mapepala, lero ndi matabuleti, ochokera ku masukulu ndi mabungwe osiyanasiyana. Amafunsa maekala, matumba amene tinakolola, mbuzi, nkhuku, ngakhale kuti dzulo tinadya kangati. Ena amatenga dothi m'timapepala ta pulasitiki. Monga mlembi, ine ndi amene ndimaitana anthu kuti asiye kupalira adzakhale pansi pa mtengo. Pa magulu onse amene ndawalandira, amene anabwerera kudzatiuza zimene anapeza ndi ochepa kwambiri. Dothi la munda wa kalabu yathu linatengedwa kawiri, koma mpaka lero sitidziwa ngati likudwala chiyani. Amayi ena tsopano akamva kuti kwabwera a kafukufuku amangoti, "Auzeni zomwe zija tinawauza chaka chatha."

Akuluakulu a kuno amakumbukira nthawi ina. M'masiku a atsamunda kunali malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kupanga mizere ndi migula, wokana n'kulipitsidwa. Mlangizi ankaopedwa ngati wapolisi. Kenako mu 1968 kunabwera chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank, ndipo dera lathu lino ndilo linali pakati pake. Analambula misewu, anakumba mijigo, anamanga misika ndi nyumba za alangizi. Makalabu ankatenga ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndipo mlangizi ankadziwika tsiku limene afike pa buloko iliyonse. Sindikuti zonse zinali bwino. Uphungu unkatsika kuchokera kumwamba basi, opindula kwambiri anali achikumbe ndi a m'makalabu, ndipo wolephera kubweza ngongole ankalandidwa katundu. Koma munthu ankadziwa khomo loti agogode.

Ndondomeko ya ulangizi ya chaka cha 2000 inasintha zinthu. Inati alangizi asakhale a boma okha, mabungwe ndi makampani alowemo, ndipo alimi azinena okha zimene akufuna. Pofuna kuti zimenezi ziyende anakhazikitsa makomiti: ya zaulimi pamudzi, gulu la pa dera la mfumu yaikulu lotchedwa ASP, mpaka komiti ya pa boma yogwirizanitsa onse opereka ulangizi. Papepala ndi makwerero abwino, oti funso la mlimi likwere mpaka kwa wofufuza, yankho n'kutsika. Kumudzi, makomitiwa amakumana pamene pali bungwe lolipira zoziziritsa kukhosi ndi thiransipoti. Pulojekiti ikatha, buku la mfundo za msonkhano limadyedwa ndi chiswe.

Zotsatira zake timaziona m'munda. Lolemba kubwera wina kunena kuti tisiye khasu, tiphimbire nthaka ndi mapesi. Lachitatu wina akuti mizere italikirane masentimita 75, phando lililonse mbewu imodzi monga mwa Sasakawa. Lachisanu wa kampani ya fodya akuti mapesi pafupi ndi munda wa fodya asaoneke. Aliyense ali ndi chifukwa chake, koma wowalunzanitsa kuti mlimi wa maekala awiri achite chiyani palibe. Manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, phulusa ndi gaga, anafala pakamwa ndi pakamwa feteleza atakwera mtengo. Mulingo wake mudzi uliwonse uli ndi wake, ndipo mikangano yake timaithetsa tokha pa bawo. Feteleza wokulitsa atasintha kuchoka ku 23:21:0+4S kupita ku 23:10:5+6S+1Zn, panali chifukwa chochokera ku kafukufuku wa nthaka, koma ambiri kuno anamva kwa wogulitsa m'sitolo, ena n'kumaganiza kuti awagulitsa wachinyengo.

Chitsanzo chowawa ndi cha mbozi za fall armyworm. Zitalowa m'dziko muno, mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika n'kulengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi, alimi sanakhale manja lende. Ena ankathira sopo wa ufa m'nsonga ya chimanga, ena phulusa, ena mchenga, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere. Kumeneko kunali kufufuza kwenikweni, kochitika m'minda masauzande nthawi imodzi. Pakanakhala njira yachangu yoti alangizi asonkhanitse zimene zikugwira ndi zimene zikuwotcha chimanga, ofufuza n'kuziyesa, yankho n'kubwerera nyengo yomweyo, tikanapulumutsa zambiri.

Mlangizi naye ndi womvetsa chisoni. Mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, malo ena kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo ambiri amayenda pa njinga yakapalasa. Miyezi imene timamufuna kwambiri, pokonza minda ndi podzala, ndi imene amatanganidwa ndi maina a olandira zipangizo zotsika mtengo. Atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Maputo mu 2003 kuti ulimi uzilandira 10 peresenti ya bajeti, ndipo Malawi kawirikawiri amafikapo. Koma kuyambira pa makuponi a 2005 mpaka AIP ya 2020, gawo lalikulu la ndalamazo limapita ku feteleza. Kafukufuku ndi ulangizi zimatola zotsala. Alimi otsogola amathandiza ndithu, koma ndi anthu ongodzipereka, ndipo sangaphunzitse zimene iwo sanaphunzitsidwe.

Kunja kuli njira ina. Ku America, lamulo la 1862 linakhazikitsa mayunivesite a zaulimi m'zigawo, ndipo la 1914 linaika ulangizi m'manja mwa mayunivesite omwewo. Mlangizi wa kumudzi ndi wofufuza amakhala a nyumba imodzi, ndipo funso la mlimi limayenda m'khonde limodzi. Bunda inamangidwa ndi thandizo la Amereka, koma tinatenga sukulu yokha, ulangizi n'kutsala kwina. Ngakhale kuno kwathu chitsanzo chilipo. ARET, imene inakhazikitsidwa mu 1995, imachita kafukufuku ndi ulangizi wa fodya pansi pa denga limodzi, ndipo ndalama zake zimachokera ku zimene amadula pa fodya wogulitsidwa. Alimi a fodya ali ndi madandaulo awo pa zodulidwazo, koma poti amalipira, amadziwa wofunsa. Wa chimanga, mtedza ndi soya alibe wotero.

Sindikupempha kuti alangizi onse asamukire ku LUANAR mawa. Zimene ndikupempha n'zotheka popanda kumanga nyumba yatsopano. Yunivesite iliyonse ikhazikitse lamulo loti wophunzira kapena mphunzitsi amene watenga mayankho kapena dothi m'mudzi asatsekere ntchito yake asanabwerere kukafotokoza zimene wapeza, m'Chichewa, pamaso pa anthu omwewo ndi mlangizi wawo. Pokweza aphunzitsi, ntchito ya kumudzi iziwerengedwa mofanana ndi zolemba. Luso lililonse lodutsa ku ATCC lizituluka ndi dzina la ofesi imene ilifalitse, ndi ndalama zake zolembedwa. Ndipo kamodzi pa chaka, kukolola kukatha, a Chitedze, a LUANAR ndi a khonsolo akhale pa benchi imodzi pa Nsaru, pa Kabudula kapena pa Nambuma, osati kudzaonetsa minda yokongola ya m'mbali mwa msewu, koma kudzayankha mafunso amene anasiyidwa chaka chapitacho. Makhansala ndi aphungu athu, amene amavomereza bajeti, akhalepo amve.

Mafunso ake tili nawo kale m'buku la kalabu. Kaufiti wabwerera m'minda imene tinkayesa kuti tinamugonjetsa, ndipo tikufuna kudziwa mtundu wa chimanga ndi kasinthasintha amene angamuchepetse pa dothi lathu lino. Mtedza wathu ogula ena amaukana ati uli ndi chuku, koma poyezera pafupi palibe. Soya amene tinadzala zaka zitatu zotsatizana wayamba kuchita dzimbiri m'masamba, ndipo a kalabu agawikana: ena akuti ndi mbewu yobwereza, ena akuti ndi mvula.