Za Kupepesa kwa Mipingo pa Mlandu wa Ukapolo

Ena afunsa kuti, Kodi mipingo ipepeseranji cimo la anthu amene anafa kalekale?

Nzoona kuti inapepesa. M'caka ca 1992 Papa John Paul II anafika pa cisumbu ca Gorée ku Senegal, kumene akapolo ankakwezedwa m'zombo, napempha cikhululukiro. Mu 1995 Abaptist a kumwera kwa America anabvomera kuti makolo ao anaikira ukapolo kumbuyo. Mu 2006 Mpingo wa ku England unapepesanso, popeza bungwe lace lofalitsa Uthenga linali ndi akapolo m'minda ya nzimbe ku Barbados, nawaoca cizindikiro pacifuwa monga ng'ombe.

Nanga Malembo ati ciani? Cilamulo ca Mose cinaika imfa pa iye wakuba munthu ndi kumgulitsa (Eksodo 21:16). Cotero cimolo silikayikitsa. Ezekieli 18 atiphunzitsa kuti Mulungu saweruza mwana pa mlandu wa atate wace. Koma Nehemiya 9 ndi Danieli 9 ationetsa anthu a Mulungu alikuulula zoipa za makolo pamodzi ndi zao. Kusiyana kwace ndi uku: cilango cigwera wocimwa yekha, koma kuulula kuyenera banja lonse lakudya colowaco. Mpingo ndiwo thupi limodzi. Sungathe kunyadira oyera mtima ace, nukana akuba ace. Zakeyunso atikumbutsa kuti wopepesa ndi mtima woona amabweza (Luka 19).

Tsono tisaloze cala kutsidya kwa nyanja kokha. Kuno kwathu ku Machinga anthu anayenda ndi magoli m'khosi kunka ku Quelimane ndi ku Kilwa, mafumu ena akusinthanitsa anthu ndi nsaru ndi wonga, kufikira Kawinga anagonja pa phiri la Chikala mu 1895. Akuru anati, mlandu suola. Lero adzukulu a wogulitsa ndi a wogulitsidwa amwera cikho cimodzi ca Mgonero. Koma pokamba za ukwati, kapena za malire a munda, dzina lija lakuti kapolo limvekabe.

Paulo anabweza Onesimo kwa Filemoni kuti amlandire monga mbale. Cifukwa cace, aphunzitsi, fotokozerani ana mbiri iyi osabisa kanthu. Ndipo iwe amene unanyoza mnzako ndi dzina limenelo, pita kwa iye, nupepese, Sabata lisanafike.