Mbozi Zomwe Ena Amapha, Ena Amaziweta

M'minda ya malalanje ya ku Mazowe, kufupi ndi Glendale, mbozi ya gulugufe wakuda wa mawanga achikasu ndi mdani woyenera kupoperedwa mankhwala. Koma ku Gede, m'dziko la Kenya, alimi amaweta dala mbozi za agulugufe.

Kuyambira mu 1993, kudzera mu ntchito ya Kipepeo, anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Arabuko-Sokoke amadyetsa mbozizo masamba mpaka zitasanduka zikwa. Zikwazo zimatumizidwa zamoyo pandege ku Ulaya ndi ku America, kumene agulugufe amakaonetsedwa kwa anthu olipira. Wodyera nkhalango motere saithamangira ndi nkhwangwa.

Komatu chingwe cha malondawa chili m'manja mwa ena. Boma la Tanzania litaletsa kutumiza kunja nyama zamoyo mu 2016, alimi a agulugufe a ku Amani anangotsala ndi zikwa zopanda wogula.