ANAPIYE AKACHULUKA MWADZIDZIDZI PAKHOMO

Kuno ku Makokola, m'mbali mwa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, anthu ambiri amadalira nyanja. Komabe ndi makomo ochepa amene mungafikepo osaona nkhuku zikupalasa pabwalo. Nkhuku ndiyo nkhokwe ya banja: mlendo akafika timagwira nkhuku, mwana akadwala timagulitsa nkhuku, ndipo makope ndi yunifolomu ya sukulu kawirikawiri zimachokera m'khola. Chifukwa cha ichi tafuna kukambirana nanu, makolo ndi achinyamata, zimene zinatigwera pamene nkhuku zathu zinachuluka ife tisanakonzeke.

Tinali ndi nkhuku 7 zokha. Thadzi limodzi linasowa, ndipo tinaganiza kuti vumbwe waligwira. Patapita masabata atatu, m'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, linatulukira kuseri kwa nkhokwe likutsogolera anapiye 11. Tinali titaiwala kuti nkhuku imafungatira mazira masiku 21. Posakhalitsa mlamu wathu anatibweretsera anapiye 10 a Mikolongwe, nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp zimene zinatenga dzina la malo oswetsera ziweto a m'boma la Chiradzulu. Kenaka mnyamata wathu, pofuna kuthandiza makolo, anagula misoti iwiri pamsika pamtengo wotsika kwambiri. M'kanthawi kochepa nkhuku 7 zinasanduka 30, ndipo zonse tinazilowetsa m'khola limodzi.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Patangopita masiku asanu, msoti umodzi unagwetsa mapiko ngati wavala jekete. Unayamba kupuma mobanika ndi kutsegula m'mimba zobiriwira. Zina zinatsatira, makosi atapindika. Masabata awiri asanathe tinatsala ndi nkhuku 4. Apo m'pamene tinazindikira chifukwa chimene misoti ija inatsikira mtengo: mwini wake anali kuthawa chitopa chimene chinalowa m'mudzi mwawo.

Kupatula nkhuku zachilendo

Chitopa chimayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, ndipo chilibe mankhwala ochiza. Akatswiri anachizindikira koyamba m'chaka cha 1926 pachilumba cha Java ndiponso ku Newcastle m'dziko la England. Kwathu kuno chimavuta kwambiri m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Choopsa chake ndi ichi: nkhuku ingatenge kachilomboka n'kukhalabe yooneka bwino kwa masiku angapo, nthawi zina kufikira masabata awiri. Motero nkhuku iliyonse yachilendo, kaya yogula, kaya yamphatso yochokera kwa mbale wokondedwa, iyambe yakhala payokha masabata awiri kapena atatu, ndi chodyera ndi chomwera chakechake. Kupatula nkhuku ya mphatso sikunyoza wopereka ayi. Ndiko kusamala mphatsoyo pamodzi ndi zimene inazipeza.

Katemera

Chishango cha chitopa ndi katemera. Katemera wotchedwa I-2, amene mbewu yake inachokera ku Australia, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, choncho ndi woyenera madera otentha ngati athu ano. Kaperekedwe kake n'kosavuta: dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ngakhale mwanapiye wongoswedwa kumene. Mphamvu yake imatha, ndiye tiyenera kubwereza miyezi inayi iliyonse, ndiko kuti katatu pachaka. Tikumbukire kuti katemera amateteza nkhuku yamoyo wabwino, sachiza yodwala. Alangizi a ziweto a m'dera lanu adzakuuzani kumene angapezeke. Popeza botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri, ndi chanzeru kuti mabanja oyandikana asonkherane ndi kutemera tsiku limodzi, pakuti nkhuku za m'mudzi sizidziwa malire. Nkhuku zakufa ndi matenda zikwiriridwe mozama kapena zitenthedwe, osati kuzitaya kudzala kapena m'nyanja.

Kufunda ndi chitetezo

Mwanapiye wopanda make amafa msanga ndi kuzizira, makamaka pamene mphepo ya mwera ikuomba m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Katoni yoyalamo mankhusu a mpunga kapena udzu wouma, yoikidwa m'nyumba usiku, imapulumutsa ambiri. Anapiye akaunjikana pamodzi akulira, dziwani kuti akumva kuzizira. Akamwazikana atayasama kukamwa, atenthedwa. Masana adani ndi ambiri: mphamba, akhwangwala, likongwe ndiponso ng'azi za m'mabango. Dengu lalikulu lovundikira kapena kampanda kansungwi kofolera pamwamba kamawasunga masabata oyambirira. Anapiye achilendo musawasakanize msanga ndi nkhuku zazikulu, chifukwa zimawajompha ndi kuwalanda chakudya.

Chakudya

Nkhuku zochepa zimakhuta ndi zimene zapalasa pabwalo, koma zikachuluka bwalo silikula nazo. Madeya okha sakwanira kukuza mwanapiye. Ife a kunyanja tili ndi mwayi: zinyenyeswa za usipa wouma zotsalira pamathandala, zikasinjidwa ndi kusakanizidwa ndi madeya, zimamanga thupi. Zikhale zouma bwino, zosavunda ndi zopanda mchere. Onjezaniponso chiswe ndi masamba odula bwino. Madzi akhale oyera tsiku lililonse, m'mbale yosazama yoikamo timiyala kuti anapiye asamire.

Mawu kwa achinyamata

Mnyamata wathu analira kwambiri poganiza kuti ndiye anapha khola. Sitinamdzudzule, pakuti ifenso akulu sitinadziwe. M'malo mwake tinampatsa kope kuti azilembamo tsiku limene thadzi layamba kufungatira, chiwerengero cha anapiye oswedwa, ndi tsiku la katemera. Kuchokera pa nkhuku 4 zija khola linadzukanso pang'onopang'ono, ndipo chaka chotsatira atambala atatu anamgulira nsapato ndi makope a teremu yonse. Masamu amene timaphunzitsa m'kalasi anayamba kumveka bwino kwa iye atawaona akuyenda pabwalo.

Makolo anzathu, anapiye akabwera mwadzidzidzi kondwerani, koma musanatsegule chitseko cha khola dzifunseni mafunso atatu: kodi achokera kuti, kodi atemeredwa, nanga adya chiyani? Ife tinafunsa mafunsowa mochedwa, ndipo kuchedwako kunatidyera nkhuku 26. Inu afunseni lero.