Matsenga a m'magemu ndi mphezi ya m'dambo

M'magemu ambiri a pa foni ndi pa kompyuta, ngwazi imagonjetsa adani ake ndi moto, madzi oundana, mphepo kapena mphezi zimene zimatuluka m'manja mwake. Wachinyamata wa ku Vubwi, Sinda kapena Katete amene amasewera magemuwa amadziwa malamulo ake pamtima: madzi amazimitsa moto, ndipo mdani wonyowa ndiye amavulala kwambiri ndi mphezi. Maganizo ogawa chilengedwe m'magulu otere ndi akalekale. Empedocles, katswiri wachigiriki wa ku Sicily, ankaphunzitsa zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe kuti zonse zinapangidwa ndi nthaka, madzi, mpweya ndi moto. Sayansi inachoka kale pamenepo. Lero imawerenga mitundu 118 ya tinthu toyambirira, ndipo moto mulibemo, chifukwa moto ndi zimene zimachitika nkhuni kapena mafuta zikatentha n'kugwirizana ndi okosijeni wa mumpweya.

Pali zina zimene opanga magemu anazilondola. Mu The Legend of Zelda: Breath of the Wild, imene kampani ya Nintendo inatulutsa mu 2017, munthu akayatsa udzu pamabuka mphepo yokwera imene imamunyamula. Aliyense amene anaonapo lupsa mu Seputembala amazidziwa: mpweya wotentha umapepuka n'kukwera, phulusa ndi timasamba n'kumauluka, ndipo mpweya wozizira umathamangira pansi kudzakoleza motowo. Bodza lili pa moto wochokera m'dzanja lopanda kanthu, pakuti mphamvu siingobuka yokha, imangosintha maonekedwe. N'chimodzimodzi ndi matsenga oundanitsa madzi. Kuziziritsa chinthu ndi kuchotsamo kutentha n'kukakutaya kwina, n'chifukwa chake firiji yosungira katemera pachipatala imafunda kumbuyo kwake.

Nkhani yaikulu ili pa mphezi, popeza iyo imapha anthu ndi ziweto chaka ndi chaka mvula ikayamba mu Novembala. Mumtambo wautali wa mvula, timatalala ndi timadzi toundana timagundana pokwera ndi potsika. Kugundanako kumalekanitsa mphamvu ya magetsi, ina kumtunda kwa mtambo, ina kumunsi, monga juzi imathetheka poivula mumdima. Mphamvuyo ikachuluka imaboola mpweya n'kutsika. Njira imene yadutsamo imatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuwirikiza kasanu kutentha kwa pamwamba pa dzuwa, ndipo mpweya umafufuma mwadzidzidzi n'kumveka ngati bingu. Benjamin Franklin ndiye anasonyeza mu 1752 kuti mphezi ndi magetsi.

Gemu ya Zelda ija imaphunzitsa kuti wonyamula lupanga lachitsulo mvula ikamagwa ndiye amakanthidwa, ndipo akalivula wapulumuka. Apa m'poopsa. Chitsulo chimadutsitsa magetsi bwino, koma kachitsulo kakang'ono sikaitana mphezi kuchokera kumitambo. Chimene mphezi imatsata ndi kutalika ndi kuima paokha: mtengo umodzi pakati pa munda, chulu, nsonga ya phiri ngati la Mphangwe, kapena munthu woimirira m'dambo. Mlimi akataya khasu n'kukabisala pansi pa mango, wasiya ngozi yaing'ono n'kulowa m'ngozi yaikulu. Zovala zofiira, galasi loonera nkhope ndi foni ya m'thumba sizikoka mphezi. Foni imaopsa pokhapokha ili pachaja cholumikizidwa ku waya wa magetsi.

Komanso m'magemu mphezi imagwa pamutu pa munthu mmodzi amene walozedwa. Zenizeni n'zakuti okanthidwa mwachindunji ndi ochepa kwambiri. Pafupifupi theka la ovulala amagwidwa ndi magetsi oyenda m'nthaka kuchokera pamene mphezi yagwa, amene amalowera mwendo umodzi n'kutulukira winawo. Ng'ombe imavutika koposa chifukwa miyendo yake yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, ndipo magetsiwo amadutsa pamtima. M'pake kuti ng'ombe zingapo zimafera pamodzi pansi pa mtengo umodzi popanda bala looneka. Zoterezi zikachitika m'mudzi, ena amafulumira kunena kuti mphezi yachita kutumizidwa, ndipo nkhalamba yosalakwa imalozedwa chala. Palibe munthu angailoze njira mphamvu yotere, ndipo kufunafuna woitumiza kumachititsa kuti chimene chingateteze anthu ndi ziweto zotsala chiiwalike.

Pa nkhani ya madzi, magemu monga Genshin Impact ya 2020 sanaphonye kwambiri. Madzi a mumtsinje, a padimba ndi thukuta ali ndi michere yosungunuka imene imadutsitsa magetsi, ndipo khungu lonyowa silitchinga magetsi ngati louma. Wochapa, wosamba kapena wowedza ayenera kutuluka m'madzi akangomva bingu loyamba.

Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, pamene phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Choncho ching'aning'ani chikang'anima n'kupita masekondi 30 bingu lisanamveke, mphezi ili pa mtunda wa makilomita 10, ndipo pamenepo ingathe kufika. Malo abwino obisalapo ndi nyumba yaikulu yokhala ndi mawaya olowa m'nthaka, kapena galimoto ndi minibasi zotseka mawindo, chifukwa magetsi amayenda kunja kwa chitsulo chake. Chisakasa, khonde ndi nyumba yaudzu siziteteza, ndipo denga la malata lopanda waya wotsikira pansi lingathe kulumphitsira magetsi kwa anthu amene ali m'katimo. Pa 28 Juni 2011, ana 18 anafa ndi mphezi pasukulu ya pulayimale ya Runyanya ku Uganda, ndipo tsikuli tsopano limakumbukiridwa ngati tsiku lophunzitsa za chitetezo ku mphezi. Sukulu ndi tchalitchi, kumene anthu amasonkhana ambiri, n'zimene ziyenera kuyamba kuikidwa chitsulo cholandira mphezi chokhala ndi waya wonenepa wokwiriridwa m'nthaka. Mpira kapena ntchito ya kumunda iyambirenso patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

M'magemu, wokanthidwa amangothetheka magetsi thupi lonse, ndipo womukhudza naye amagwidwa. M'thupi la munthu weniweni simutsala magetsi ngakhale pang'ono. Mwa anthu khumi okanthidwa, pafupifupi asanu ndi anayi amapulumuka, ndipo amene amafa kawirikawiri ndi amene mtima ndi kupuma zaima koma anzawo akuopa kuwagwira. Pakagwa anthu angapo, woyamba kuthandizidwa akhale amene wangoti zii, osati amene akulira. Adindidwe pakati pa chifuwa mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kumamupumira m'kamwa, kwinaku wina akufunafuna galimoto. Ngakhale wodzuka yekha apite naye kuchipatala chapafupi kapena ku St Francis ku Katete, chifukwa kugontha, kuiwalaiwala, ng'ala ndi kusayenda bwino kwa mtima zingathe kuonekera pambuyo pake.