Buku la kuchipatala limalankhulira wodwala

Mayi woyembekezera akafika pachipatala chaching'ono magazi akuthamanga kwambiri, mwinanso akukomoka, mzamba amamubaya mankhwala a magnesium sulphate n'kumukweza ambulansi kupita kuchipatala cha boma. Mankhwalawa amaletsa kukomokako, koma akachuluka m'thupi amafooketsa kapumidwe. Dokotala womulandira ayenera kudziwa mlingo umene mayiyo wabayidwa komanso nthawi yake asanawonjezere wina. Mzamba uja watsala kutali, mayi sangathe kuyankha, ndipo wodwazika sadziwa dzina la jakisoniyo. Chotsala ndi zimene zalembedwa m'buku lake la kuchipatala ndi m'kalata yomutumizira.

N'chifukwa chake kulemba ndi mbali ya chithandizo chenichenicho. Pa ulendo uliwonse wa wodwala payenera kuoneka tsiku, chimene akudandaula, zimene zapezeka pomuyeza, matenda amene akuganiziridwa, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, ndiponso dzina la wolembayo. Azilemba nthawi yomweyo, m'zilembo zoti mnzake awerenge. Pamene palakwika azidulapo mzere umodzi n'kusainira, osafufuta kapena kung'amba tsamba. Ngati thupi la munthu limadana ndi mankhwala ena, monga Bactrim kapena penicillin, zimenezo zilembedwe poonekera. Kuno kwathu madokotala amayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, ndipo pakabuka dandaulo zolembedwazi ndi umboni woteteza wodwala ndi dokotala yemwe.

Ngozi ina imabisala pa nthawi yosinthana ntchito, a usiku akamasiyira a m'mawa. Mu 2007 bungwe la World Health Organization lidalimbikitsa zipatala kutsata ndondomeko imodzi yotchedwa SBAR: wopatsira anene vuto limene lilipo tsopano, mbiri ya wodwalayo, mmene iye akuonera, ndi chimene akufuna kuti chichitike. Kafukufuku amene adatuluka mu 2014, wochitika m'malo 9 ophunzitsira madokotala a ana ku United States ndi Canada, adapeza kuti kupatsirana odwala mwadongosolo kudachepetsa zolakwika ndi 23 pa 100 aliwonse. Panalibe mankhwala atsopano ayi, madokotala adangophunzira kuuzana zonse zofunika.

Ku Malawi mbiri ya wodwala imayenda ndi mwini wake. Zipatala zina zopereka ma ARV zimasunga mbiri pakompyuta, koma munthu wochoka kumudzi mpaka kukafika kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu amadalira kabuku kake. Ena amagula katsopano pofuna kubisa matenda, ena amabwerekana. Akatero dokotala amayambira pachiyambi, magazi amayezedwanso, ndipo mankhwala osagwirizana amatha kuperekedwa pamodzi. Mantha a obisa matendawo ngomveka, ndipo yankho lake ndi chinsinsi: zimene zili m'buku siziyenera kuwerengedwa mokweza pamzere kapena kukambidwa kunja kwa ntchito.

Achipatala chachikulu nawonso akamatulutsa wodwala alembe momveka zimene apeza, mankhwala oti apitirize ndi tsiku lobwerera, kuti amene adamutumiza adziwe popitirizira.

Inu a zaumoyo, ngakhale mzere utalike chotani, lembani zomveka ndipo sainirani. Inunso odwala ndi odwazika, sungani bukulo pouma, mulitenge ulendo uliwonse ngakhale litadzaza, ndipo musatuluke m'chipinda cha dokotala musanafunse zimene zalembedwamo.